Tikusamukira mu mzinda waukulu: tiyambe ndi sukulu ya ana kapena nyumba?

Namwino_wausiku walemba:

Abale anga, ndithandizeni maganizo chifukwa mutu wandiima. Ndapeza ntchito pa chipatala china mu mzinda waukulu, ndipo ndikuyenera kukayamba ikatha miyezi iwiri. Amuna anga nawo kampani yawo yavomera kuwasamutsira ku nthambi ya mu mzinda womwewo. Nthambiyo ili kummawa, kumafakitale, pamene chipatala changa chili chakumadzulo. Tili ndi ana awiri. Wamkulu ndi mtsikana wa zaka 14, ali ku sekondale. Wamng'ono ndi mnyamata wa zaka 7, wangoyamba kumene kuwerenga payekha, ndipo amadwala mphumu. Galimoto tili nayo imodzi. Ine ndimagwira mashifiti, sabata ina masana, sabata ina usiku.

Titafunsafunsa, tatsala ndi madera atatu.

Loyamba ndi dera limene aliyense amalitchula ndikangoti sukulu. Kuli pulayimale ndi sekondale za boma zimene ana ake amakhoza kwambiri mayeso, ndipo zimalandira ana okhala m'deramo okha. Kuyera, kuli mitengo, kulibe phokoso. Koma lendi yake idzatidyera pafupifupi theka la malipiro athu tonse awiri, ndiponso ndi ya nyumba ya zipinda ziwiri zogona basi. Ndiye kuti mtsikana wanga, amene wakula kale, azigona chipinda chimodzi ndi mlongo wake. Kuchokera kumeneko amuna anga aziyenda nthawi yoposa ola limodzi kuti akafike kuntchito, ine pafupifupi mphindi 45.

Lachiwiri lili pafupi ndi chipatala, moti ndikhoza kumayenda wapansi. Ndi fulati ya zipinda zitatu pa nyumba yosanjikizana, koma mazenera ake ayang'ana msewu waukulu umene magalimoto sapuma. Sukulu za kumeneko anthu akuti ndi zapakatikati, palibe woziyamikira, palibe wozinyoza. Lendi yake tikhoza kuikwanitsa popanda kubanika.

Lachitatu lili kunja kwenikweni kwa mzinda, kumene akumanga nyumba zatsopano. Nyumba ndi yaikulu, ili ndi bwalo loti mwana athamangepo, lendi ndi yotsika kuposa konseko. Sukulu ya kumeneko yangotsegulidwa kumene, ana ake sanalembepo mayeso a boma. Basi yopita m'tauni ndi imodzi, ndipo ndamva kuti imasiya kuyenda msanga madzulo.

Amuna anga mtima wawo uli pa lachitatu. Iwo akuti ana akule pamalo otakasuka, ndalama yotsalayo tizisunga. Ine mtima wanga uli pa loyamba, ndipo ndinene zoona: ndikuopa kuti tsiku lina mwana wanga adzandifunsa chifukwa chimene sindinam'pititse ku sukulu yabwino pamene mwayi unalipo. Lachiwiri palibe akulifuna pakati pathu, komabe ndi limene ndikaganiza zotuluka pa shifiti ya usiku nditatopa, ndimaliona lili ndi nzeru.

Inu amene munasamukapo ndi ana, munayamba ndi chiyani? Kodi sukulu yotchuka ndi yoyenera kuti banja lonse lizivutika chifukwa cha iyo? Nanga sukulu yabwino mumaidziwa bwanji pamene muli mlendo, mulibe wokunong'onezani zoona zake?

Mphunzitsi_wopuma walemba:

Mwanawanga, ndikuyankheni ngati munthu amene wagwira choko mpaka tsitsi kuyera, ndipo ndaphunzitsapo pa sukulu yotchuka ndi pa sukulu imene anthu ankaipewa.

Zotsatira za mayeso zimene mukuziona pa sukulu ya dera loyambalo zikukuuzani kwambiri za ana amene amalowa pageti, osati za zimene aphunzitsi amachita nawo anawo akalowa. Dera la lendi yodula mumakhala makolo ophunzira, okhala ndi mabuku m'nyumba, otha kulipira mphunzitsi wapadera mwana akayamba kutsalira. Ana oterowo akanakhoza kulikonse. Izi si maganizo anga okha. Mu 1966 boma la America linatulutsa lipoti la James Coleman, amene anafufuza ana asukulu oposa 600,000, ndipo anapeza kuti kusiyana kwa kakhozedwe ka ana kumayendera kwambiri mabanja amene achokera kuposa nyumba za sukulu ndi zipangizo zake. Kafukufuku wina amene amandikhudza kwambiri anatuluka mu 2014. Akatswiri atatu, mmodzi mwa iwo Joshua Angrist, anayang'ana sukulu za boma zotchuka zedi za ku Boston ndi New York, monga Boston Latin ndi Stuyvesant, zimene mwana amalowa polemba mayeso. Anayerekeza ana amene analowa chifukwa chopitirira malikisi ofunikira pang'ono chabe ndi anzawo amene analephera kulowa chifukwa choperewera pang'ono chabe. Ana amenewa anali ofanana nzeru. Patapita zaka, amene analowa sukulu zotchukazo sankakhoza mayeso kuposa anzawo amene anakaphunzira kwina. Dzina la sukulu linalipo, koma chimene sukuluyo inawonjezera pa mwana sichinaoneke.

Sindikunena kuti sukulu zonse n'zofanana, ayi. Sukulu yoipa ilipo ndipo imawononga mwana. Ndikunena kuti ubwino wa sukulu uli mu zimene imawonjezera pa mwana amene yam'landira. Ku England mu 2016 anayamba kuyeza masekondale ndi muyezo wotchedwa Progress 8, umene umayerekeza pamene mwana anali pomaliza pulayimale ndi pamene wafika pomaliza sekondale. Ngati mzinda umene mukupitawo uli ndi chiwerengero chamtundu umenewu, chifuneni. Ngati ulibe, maso anu agwire ntchito.

Pitani pa sukulu iliyonse tsiku la maphunziro, osati tsiku limene aitana makolo ndi kusesa paliponse. Pemphani kuonana ndi ahedi, ndipo muwafunse kuti aphunzitsi angati achoka pa zaka ziwiri zapitazi. Pamene aphunzitsi akuthawa pali vuto, ngakhale penti ikuwala. Afunseni zimene amachita ndi mwana amene wafika pakati pa chaka, amene sakudziwa aliyense ndipo mwina ena anadutsa kale mitu imene iye sanaphunzire. Mhedi wabwino amayankha ndi dzina la mphunzitsi amene amayang'anira ana otere ndi ndondomeko yake. Wosadziwa amangoti ana amazolowera okha. Pemphaninso kuona makope a ana, osati a mwana wanzeru kwambiri amene adzakusankhireni, koma a ana atatu kapena anayi ongotola. Onani ngati anachongedwa, anachongedwa liti, ndipo ngati mphunzitsi analembapo mawu othandiza kapena chizindikiro chokha. Kenako pitani kuchimbudzi cha ana. Ine sindinaonepo sukulu yosamala zimbudzi za atsikana imene inali yosasamala maphunziro awo, ndipo kwa mtsikana wa zaka 14 nkhani imeneyi si yaing'ono.

Kwa mnyamata wanu wa zaka 7, werengani mitu m'kalasi nokha, musadalire chiwerengero cha pa pepala. Ku Tennessee kuyambira 1985 anachita kafukufuku wotchedwa STAR, anagawa ana aang'ono mwa maere, ena m'makalasi a ana 13 mpaka 17, ena a 22 mpaka 25. A m'makalasi aang'ono anachita bwino pa kuwerenga ndi masamu, ndipo phindulo linali lalikulu kwa ana a m'mabanja osauka. Pa msinkhu wa mwana wanuyo, pamene kuwerenga kukungokhazikika kumene, mphunzitsi amene amatha kumva mwana aliyense akuwerenga mokweza ndi wofunika kuposa dzina lili pageti. Ndipo sukulu zotchuka nthawi zambiri ndi zimene zimadzaza, chifukwa aliyense akukankhira mwana wake komweko.

Sukulu yatsopano ya dera lachitatu musaitaye chifukwa ilibe mbiri. Musaikhulupirirenso. Funsani kumene ahedi ake anachokera ndi zimene anasiya kumeneko.

Woyeza_malo walemba:

Achemwali, a Mphunzitsi anena za m'kalasi, ine ndinene za msewu, chifukwa ntchito yanga ndi ya mapu ndi mapulani a mizinda.

Tengani pepala, mulembe tsiku limodzi wamba la banja lanu kuyambira kudzuka mpaka kugona, pa dera lililonse mwa atatuwo. Musalembe Lamlungu, lembani Lachiwiri la sabata imene muli pa shifiti ya usiku, kunja kukugwa mvula, galimoto ili kugalaja. Ndani akupititsa wamng'ono kusukulu? Ndani akukam'tenga? Sukulu ikaimba foni kuti mphumu yam'gwira, ndani akufika, ndipo akufika patatha mphindi zingati? Funso lomalizali palokha likhoza kuchotsa dera lachitatu pa mndandanda. Galimoto imodzi, basi imodzi imene imaweruka msanga, inu mukutuluka kuntchito nthawi zosiyanasiyana: posachedwa mudzakakamizika kugula galimoto yachiwiri, ndipo ndalama imene amuna anu akuti muzisunga idzathera ku mafuta, inshuwalansi ndi matayala.

Anthu ambiri amawerengera lendi yokha. Lamulo lija lotchuka lakuti nyumba isadye zoposa 30 peresenti ya malipiro linachokera ku nyumba za boma za ku America, kumene mu 1969 anaika malire a 25 peresenti, n'kuwakweza kufika pa 30 mu 1981. Koma bungwe lina la ku Chicago, Center for Neighborhood Technology, linaona kuti muyezo umenewu umapusitsa, chifukwa nyumba yotchipa ya kutali imabweza mtengo wake pa mayendedwe. Iwo amalangiza kuphatikiza lendi ndi mayendedwe, zonse pamodzi zisapitirire 45 peresenti. Dera lanu loyamba lagwa kale pamenepa, chifukwa lendi yokha yafika pa theka musanathire dontho la mafuta. Banja limene theka la malipiro likupita kwa landilodi silikhala ndi popumira. Mmodzi wa inu akadwala mwezi umodzi, kapena landilodi akakweza lendi chaka chamawa, mudzasamuka mokakamizidwa, ndipo ana adzasinthanso sukulu.

Dziwaninso kuti sukulu ya boma ya m'dera limenelo si yaulere monga ikuonekera. Fizi yake yabisala mu lendi. Sandra Black anaonetsa izi mu 1999 poyerekeza nyumba zoyang'anizana m'madera ozungulira Boston, zimene kusiyana kwake kunali malire a sukulu okha: kumene ana ankakhoza ndi 5 peresenti kuposa, nyumba zinkadula ndi 2.5 peresenti kuposa.

Tsopano nthawi. Katswiri wa ku Italy, Cesare Marchetti, analemba mu 1994 kuti kuyambira kale anthu amathera pafupifupi ola limodzi patsiku pa maulendo, kupita ndi kubwera zonse pamodzi, kaya akuyenda wapansi kaya pa sitima. Amuna anu pa dera loyamba azithera maola oposa awiri. Mu 2008 Alois Stutzer ndi Bruno Frey anafufuza anthu a ku Germany n'kupeza kuti amene amayenda nthawi yaitali popita kuntchito amakhala osakhutira ndi moyo wawo, ndipo nyumba yabwino kapena malipiro abwino sizinkabwezera chimene ataya. Maola amenewo ndi omwe bambo akanakhala pansi kumvera mwana akuwerenga. Ndipo musakhulupirire nthawi imene foni ikukuuzani masana. Yendani ulendowo nokha nthawi ya mdipiti wa magalimoto, mmawa ndi madzulo.

Dera lachiwiri ndi limene likugwirizana ndi tsiku lanu, koma fulati imeneyo ayi. Mwana wa mphumu sayenera kugona pa zenera loyang'ana msewu waukulu. Bungwe la ku America lofufuza za utsi ndi thanzi, Health Effects Institute, mu 2010 linanena kuti utsi wa magalimoto umakhala wochuluka mpaka mamita 300 kapena 500 kuchokera pa msewu waukulu, ndipo linapeza umboni wokwanira wakuti utsiwo umakulitsa mphumu mwa ana. Phokoso nalo si lopepuka. Mu 1975 Arline Bronzaft anafufuza sukulu ina ya ku New York imene inali pafupi ndi njanji ya m'mwamba. Ana a makalasi a mbali ya njanji anali otsalira pa kuwerenga, ana okulirapowo ndi pafupifupi chaka chathunthu, poyerekeza ndi anzawo a mbali ina ya nyumba yomweyo. Atachepetsa phokosolo kusiyanako kunatha. Choncho khalani m'dera lachiwiri ngati mwalikonda, koma funani nyumba yolowera mkati, misewu ingapo kuchokera pa msewu waukuluwo. Muyang'anenso kumene sukulu ya mwana wanu yamangidwa, chifukwa mwana amakhala kumeneko theka la tsiku.

Chomaliza, yendani wapansi njira ya kusukulu pamodzi ndi wamng'onoyo, muwerenge misewu imene azidumpha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati ngozi za pamsewu ndi zimene zikupha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 padziko lonse. Makolo timaopa akuba, koma chimene chimatenga ana ambiri ndi galimoto yothamanga pamalo opanda powolokera.

Mdzukulu_wachisanu walemba:

Amayi, pepani, ine ndine wamng'ono pa onse ayankhawa, koma sindikugwirizana nawo pa mfundo imodzi ndipo ndikuona kuti ndi bwino muimve. Akuluakuluwa akuchepetsa mphamvu ya dera limene mwana akukulira. Sukulu mwina siwonjezera zambiri monga a Mphunzitsi anenera, koma mwana sakula m'kalasi mokha. Amakula ndi anzake osewera nawo, ndi akuluakulu amene amawaona akudzuka kupita kuntchito, ndi zimene zimachitika pa msewu wa kwawo kukada.

Mu 1994 boma la America linayamba kuyesa chinthu chotchedwa Moving to Opportunity m'mizinda isanu: Baltimore, Boston, Chicago, Los Angeles ndi New York. Mabanja pafupifupi 4,600 a m'madera osauka kwambiri anagawidwa mwa maere, ena n'kupatsidwa thandizo la lendi loti asamukire kumadera opanda umphawi wambiri. Poyamba ofufuza anakhumudwa chifukwa malikisi a ana sanasinthe kwenikweni. Koma mu 2016 Raj Chetty, Nathaniel Hendren ndi Lawrence Katz anatsata anawo atakula. Amene anasamuka asanakwane zaka 13 ankalandira ndalama zoposa anzawo ndi 31 peresenti atafika zaka za m'ma 20, ndipo ofika ku koleji analinso ochulukirapo kuposa anzawowo. Phindu la dera silinaoneke pa mayeso, linadzaoneka pa moyo. Ndiye mantha anu aja oti mwana adzakufunsani si opanda pake.

Koma kafukufuku yemweyo ali ndi mbali ina imene ikukhudza mtsikana wanu. Ana amene anasamuka atapitirira zaka 13 sanapindule, ena anatsikako pang'ono. Ofufuzawo akuganiza kuti kusokonezeka kwa kusamuka, kusiya anzako ndi aphunzitsi ako pa msinkhu umenewo, kunameza phindu la malo atsopano. Ana anu awiriwo akufuna zinthu zosiyana. Wa zaka 7 ali ndi zaka zambiri zoti dera lim'umbe. Wa zaka 14 chimene akufuna ndi kusamuka kamodzi kokha, n'kukhazikika mpaka amalize sekondale.

Ndivomereze kuti mabanja a mu kafukufukuyo ankachoka m'madera aumphawi woopsa, pamene inu mukusankha pakati pa dera lapamwamba ndi lapakati, ndiye kusiyana sikungakhale kwakukulu choncho. Komabe musalowe m'dera lachiwiri chifukwa choti lili pafupi ndi ntchito basi. Kaliyendereni usiku, Loweruka makamaka. Onani ngati magetsi a mumsewu amayaka, ngati amayi amayenda okha kukada, ngati pali ana akusewera panja madzulo. Onani achinyamata a msinkhu wa mwana wanu, akupanga chiyani akaweruka. Pali laibulale, bwalo la masewero, malo alionse amene mtsikana angapite popanda kulipira ndiponso popanda inu kuda nkhawa? Ine ndinakulira m'dera limene kunalibe chilichonse mwa zimenezi, ndipo ndikudziwa kumene anzanga ambiri anathera.

Namwino_wausiku walemba:

Zikomo nonse, mwandipatsa zogwira. Usiku wathawu tinakhala pansi ndi amuna anga n'kulemba tsiku lija a Woyeza_malo ananena. Titafika pa funso la foni ya kusukulu, iwo okha anati dera lachitatu tilisiye. Akudziwa mmene mwanayu amabanikira ikam'gwira, ndipo ine monga namwino ndikudziwa kuti pa mphumu mphindi zimawerengedwa.

Pa dera loyamba mtima sunagonjebe, koma tsopano ndikuona chimene chimandikoka. Ndinkafuna kuti anthu akandifunsa kumene ana akuphunzira, nditchule dzina limene aliyense akulidziwa. Chimene chandigwedeza kwambiri ndi tulo. Kuntchito timauza makolo kuti mwana wa zaka 6 mpaka 12 azigona maola 9 mpaka 12, wa zaka 13 mpaka 18 maola 8 mpaka 10, monga bungwe la madokotala a za tulo la ku America linalangizira mu 2016. Ndi galimoto imodzi m'dera loyamba, sabata ya shifiti ya masana tonse tizituluka limodzi mbandakucha, ana tikawasiye pageti sukulu isanatsegule. Wamkulu aziwerenga mpaka usiku m'chipinda chimene mlongo wake akufuna kugona. Ndingakhale ndikuchita kwa ana anga chimene ndimaletsa ena.

Achimwene a Mdzukulu_wachisanu, mawu anu onena za mtsikana wanga andilasa. Sitinam'funse n'komwe. Takhala tikukambirana za iye ngati katundu woti tikweze pa lole. Lero ndam'funsa, ndipo chimene wanena sindinachiyembekezere: sakusamala za dzina la sukulu, akufuna kudziwa ngati kumeneko amaphunzitsa maphunziro onse amene anasankha kale, makamaka sayansi, komanso ngati kuli kwaya.

Ndatsala ndi funso limodzi. Tikapeza nyumba yolowera mkati m'dera lachiwiri, tisaine pangano la lendi la nthawi yaitali kuti ana akhazikike, kapena lalifupi kuti tione kaye? Ndipo kodi malo kusukulu timapempha tisanapeze nyumba kapena titapeza?

Mayi_wosamukasamuka walemba:

Achemwali anga, ntchito ya bambo a kwathu yatiyendetsa m'mizinda ingapo ndi ana, ndiye funso lanu lomalizali ndi langa.

Imbani foni ku ofesi ya maphunziro ya mzindawo sabata ino, musanalipire dipoziti kulikonse. Funsani zinthu zitatu: malire a sukulu iliyonse amadutsa pati, m'kalasi la mwana aliyense muli malo kapena mwadzaza, ndipo akufuna mapepala anji otsimikizira kumene mukukhala. Mawu a ejenti wa nyumba pa nkhani ya malire musawatenge. Iye akufuna nyumba ilowe munthu, ndipo akati "ili pafupi ndi sukulu" sizitanthauza kuti ili m'malire a sukuluyo. Malire amatha kudutsa pakati pa msewu, mbali iyi sukulu ina, mbali iyo ina, ndiponso amasinthidwa ana akachuluka. Kukhala m'malire nakonso si chitsimikizo. Ku England, mwachitsanzo, sukulu ikadzaza amayamba ndi magulu ena monga ana amene ali ndi abale awo pomwepo, kenako amayeza mtunda kuchokera pakhomo mpaka pa sukulu, ndipo masiku opempha malo ndi okhazikika: 15 January ku pulayimale, 31 October ku sekondale. Wofika pakati pa chaka amalandira malo amene atsala. Mzinda uliwonse uli ndi malamulo ake, koma taganizani kulipira theka la malipiro anu chifukwa cha sukulu, n'kuuzidwa kuti mwana ali pa mndandanda wodikira. Ndipo wina akakuuzani kuti mulembe adiresi ya mnzanu, kanani. Akazindikira amalanda malowo, ndipo amene amachita manyazi pamaso pa anzake ndi mwana.

Yambani ndi wamkulu. Malo a ku sekondale ndi ovuta, ndipo nkhani ya maphunziro amene anasankha ndi yeniyeni, mwana wanu wanena zanzeru. Tengani lipoti lake ndi mndandanda wa mitu imene waphunzira kale, mukaonetse sukulu ziwiri kapena zitatu za m'dera lachiwiri ndi madera oyandikana nalo, mumutenge iyeyo apite nawo. Mukapeza imene yam'landira ndipo iye waikonda, jambulani pa mapu malo onse amene angafike pa sukuluyo wapansi kapena pa basi imodzi. Nyumba muifune mkati mwa malo amenewo. Mapulayimale amakhala ambiri kuposa masekondale, wamng'ono mudzam'pezera.

Pa za pangano, sainani la chaka chimodzi lokhala ndi mwayi wowonjezera, ndipo mawu a kakwezedwe ka lendi alembedwe. Chimene chiyenera kukhazikika ndi sukulu, nyumba ikhoza kusintha. Mukaona kuti msewu umene mwakhalawo suli bwino, chaka chamawa musamukira misewu ingapo kutsogolo ana osasintha yunifolomu. Kugula nyumba musakuganizire mpaka mutaona nyengo zonse za mzindawo.

Pokaona nyumba, popeza mwana ali ndi mphumu, suzumirani kuseri kwa makabati ndi m'makona a kudenga ngati muli nkhungu, ndipo penti yatsopano pa khoma limodzi lokha ikukayikitseni. Tsegulani mipopi yonse, funsani oyandikana nawo ngati madzi amalowa m'nyumba mvula ikakula. Inu mumagona masana sabata ya shifiti ya usiku, choncho pitaniko cha m'ma 11 koloko mmawa mukaime m'chipinda chogona, mutseke chitseko, mumvetsere.

Kusukulu ya wamng'ono kafunseni kumene amasunga mankhwala opopera a ana a mphumu. Sukulu zina amawatsekera mu ofesi, ndipo amene ali ndi kiyi akachokapo mwana amadikira. Pemphani kuti mankhwala ake azikhala m'kalasi mwake, mphunzitsi wake aonetsedwe kagwiritsidwe kake, ndipo zimene mwagwirizanazo zilembedwe papepala lisanafike tsiku loyamba.